Limba Lathu Musaliike M'manda Likupuma

Lachinayi lapitali, pa bwalo lathu la alembi, nditatchula kuti ine ndi anzanga awiri takhala tikukonza limba lakale la mpingo wa kwathu kuno ku Mzuzu, ndi kuti tikufuna kulilumikiza ku kompyuta, anthu anaseka. Mnzathu wina, amene ndimamulemekeza chifukwa cha ndakatulo zake, anaimirira nanena kuti ndikutaya nthawi kupukuta fumbi pa bokosi la atsamunda. Wina anati ndingochotsa zam'kati zonse n'kulowetsamo kiyibodi ya Casio, nkhani ithere pomwepo. Nthawi inatha ndisanayankhe. Tsono poti akonzi andipatsa masamba, ndiyankha pano, ndipo ndiyankhanso akuluakulu ena a mpingo amene sawerenga magazini ino koma ana awo amawerenga.

Limba limene ndikunenali si la mipope ngati a m'matchalitchi aakulu a ku Ulaya ayi. Ndi lija lopondaponda ndi mapazi, la makiyi 61, loti amuna anayi akhoza kulinyamula. Agogo anga aamuna ndiwo ankaliliza. Agogo aakazi amati linabwera pa lole kuchokera ku mpingo wina wa kunyanja, nthawi imene anthu ankasamukira kuno kudzagwira ntchito m'minda ya tung imene inatsegulidwa mu 1947, Mzuzu asanalote n'komwe zodzatchedwa mzinda, monga anatchedwera mu 1985. Pamene mpingo unagula kiyibodi yamagetsi, ine ndisanabadwe, limba linakankhidwira m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Ine ndinakula ndikulidziwa ngati tebulo loikapo matsache ndi mabuku ong'ambika.

Chimene chautsa nkhaniyi ndi ichi. Kwabwera bambo wina wa malo ogona alendo ku nyanja, ndipo wanena mtengo. Sakubisa cholinga chake: akufuna kuchotsa zam'kati, kupaka vanishi kunja, n'kusandutsa limbalo shelefu ya mabotolo kuti alendo azijambulitsa pambali pake. Mpingo ukufuna ndalama za malata, ndipo denga likudonthadi, ine ndine mboni. Ife tinapempha miyezi itatu kuti tionetse kuti chinthucho chikadali ndi moyo. Miyeziyo ikutha, ndipo akulu a mpingo akhala pansi posachedwa kuti agamule.

Ndiyambe ndafotokoza m'mene limba limagwirira ntchito, chifukwa ambiri amene akuliweruza sanalitsegulepo. M'kati mwake muli mivukuto yofanana ndi ija ya osula makasu, koma yopangidwa ndi matabwa opyapyala ndi nsalu yamphira. Woliza akamaponda, mivukuto iwiri ing'onoing'ono imakoka mpweya kuuchotsa mu mvukuto waukulu. Pansi pa kiyi iriyonse pali kamtengo kamene kamakankha kachitseko. Ukadina kiyi kachitseko kamatseguka, mpweya wakunja umathamangira m'kati podzera pa kalilime ka mkuwa, ndipo kalilimeko kamanjenjemera. Kunjenjemerako ndiwo mawu amene timamva. Timalilime tatitali timalira besi, tatifupi timalira mawu ang'ono. Lathuli liri ndi mizere iwiri ya timalilime, tonse pamodzi 122. Mulibe waya, mulibe batire.

Malimba okoka mpweya otere ankapangidwa kwambiri ku America, ndi makampani monga Estey ku Brattleboro ndi Mason & Hamlin ku Boston. Mbale wake wa ku France, amene Alexandre Debain anamutcha harmonium m'zaka za m'ma 1840, amachita mosemphana: amakankha mpweya m'malo moukoka. Amishoni ankawakonda chifukwa ndi opepuka kuposa piyano, ndiponso mkuwa susokonekera msanga ndi kutentha kapena chinyezi monga zimachitira nsambo za piyano. Kampani ya Estey inatsekedwa mu 1960. Palibe sitolo m'Mzuzu muno, ngakhale ku Blantyre, kumene mungakagule kalilime kolowa m'malo mwa kamene kathyoka. Chimene chatayika chatayikiratu.

Tsiku limene tinalitsegula tinapezamo chisa cha makoswe chomangidwa ndi masamba a buku la nyimbo, mphemvu zakufa zodzaza mbale, ndi kandalama ka tambala imodzi. Nsalu ya mivukuto inali itauma n'kung'aluka m'makwinya monse, ndipo nsalu zaubweya za pansi pa makiyi njenjete zinali zitamaliza. Aliyense wodziwa chinyezi cha kuno, mvula yamawawa ija yogwa sabata yathunthu, sangadabwe. Koma mkuwa unalipo. Tinatulutsa timalilime kamodzikamodzi ndi kambedza ka waya, kulemba nambala ya kalikonse m'kope, kupukuta ndi burashi yofewa, n'kuyang'ana padzuwa ngati kalilime kakusuntha bwino m'mpata wake. Kafumbi kamodzi kokha n'kokwanira kutseka pakamwa kalilime kakang'ono. Mwa timalilime 122 tija, titatu tokha ndi timene tinakanika kulira.

Nsalu yatsopano tinaipeza kwa bambo wina wosoka mipando ya galimoto, ndipo zikopa za pa zitseko anatidulira wosoka nsapato wa pa khonde la sitolo ina mu msika. Guluu tinagwiritsa wa zikopa, wochita kusungunula pa mbaula, amene amisiri akale ankagwiritsa. Ubwino wake ndi woti ukamuthira madzi otentha amamasuka, kotero kuti wodzakonza limbali ife titapita adzatha kumasula ntchito yathu popanda kuswa thabwa. Mnzathu wina anabwera ndi guluu wamphamvu wa m'timachubu uja, tinamubweza nayo pakhomo.

Titayesa mawu ake ndi foni tinapeza kuti limba lonse liri pamwamba pang'ono kuposa muyeso wa lero, umene umaika A pa 440. Njira yotsitsira ilipo: ukapala mkuwa kutsinde kwa kalilime mawu amatsika, ukapala kunsonga amakwera. Koma mkuwa ukaupala subwerera. Tinagwirizana kuti sitipala kanthu. Kompyuta ndiyo idzatsate limba, chifukwa kwa iyo kusuntha mawu pang'ono ndi ntchito ya chala chimodzi.

Madzulo amene linalira koyamba ndinakatenga agogo aakazi. Ndinaliza nyimbo imene ndimadziwa kuti amaikonda. Ndinkayembekezera misozi. M'malo mwake anandigwira paphewa nandiuza m'Chitumbuka kuti ndikuponda ngati wothawa mvula, kuti amuna awo ankaponda mofatsa ngati wosinja ufa wa maliro. Kenaka anayamba kuimba, ndipo ine ndinayenera kutsata mpweya wawo. Anaima pamene ankafuna kuima, anakoka mawu pamene ankafuna kukoka, ndipo limba linatha kuwadikira. Kiyibodi imene yatsegulidwa ng'oma zake siidikira munthu.

Tsopano za magetsi, zimene zakwiyitsa anthu mbali zonse. Mu 1983 makampani opanga zoimbira anagwirizana pa chinenero chimodzi chotchedwa MIDI. Chinenerochi sichinyamula mawu a nyimbo ayi, chimanyamula uthenga wokha: kiyi yakuti yadinidwa, kiyi yakuti yasiyidwa. Kiyi iriyonse iri ndi nambala yake, C wapakati ndi 60, ndipo mphamvu imayezedwa kuyambira 0 mpaka 127. Cholinga chathu n'chakuti pansi pa kiyi iriyonse timate kamaginito, ndipo pansi pakepo tigoneke kathabwa ka tizida tomva maginito akayandikira. Tizidato tidzauza kabolodi ka Arduino, ndipo iko kadzauza laputopu. Kachida kena kadzayeza kukoka kwa mpweya mu mvukuto waukulu, kotero kuti phazi likaponda mwamphamvu, mawu a m'kompyuta nawonso adzakula. Maikolofoni awiri adzatenga mawu enieni a mkuwa. Woliza adzamveka pawiri nthawi imodzi: limba la agogo, ndi chirichonse chimene kompyuta yapatsidwa, kaya ndi besi yolemera ija ya amapiano kaya ndi mawu a kalimba.

Tinadziikira malamulo anayi, ndipo tinawalemba m'kalata yathu kwa akulu a mpingo. Sitiboola bowo latsopano ngakhale limodzi, tigwiritsa mabowo a zomangira amene alipo kale. Chirichonse chimene taika chizitha kuchotsedwa tsiku limodzi. Timalilime tonse tikhala m'malo mwake. Ndipo magetsi akazima limba lizilira monga linkalirira kale.

Ndiyambe ndi inu akuluakulu, mwaulemu wonse. Mwati chida chopatulika sichiyenera kukhudzana ndi nyimbo za kompyuta, chifukwa nyimbozo ndi za m'mabala. Ndikufunseni mofatsa: zaka zoposa makumi awiri limbali liri pansi pa matsache, makoswe akuswerana m'menemo, kupatulika kwake kunali kuti? Nanga amene akufuna kuligulayo akulitengera ku guwa liti? Ife mukutiopa kuti tingalidetse ndi nyimbo za m'mabala, pamene iye akulitengera ku bala kwenikweniko, ndipo likapita kumeneko lidzakhala litachotsedwa mapapo. Chinanso, kiyibodi imene mumaimbira Lamulungu lirilonse ndi kompyuta yovala makiyi. Ng'oma za reggae zimene zimatiperekeza popereka chopereka sizichokera kwa woimba ng'oma aliyense. Mpingo unalandira kale nyimbo zamagetsi, unangochita osazitchula dzina.

Mukumbukire chaka cha 2022. Mu January namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunatizunza kufikira chaka chotsatira. Ndi Malamulungu angati pamene kiyibodi inangoti zii nyimbo iri pakati, kwaya n'kumayang'anana, mawu oyambira atasowa? Nthawi yonseyo, kuseri kwa khoma, kunali chida chosafuna waya kapena jenereta, chofuna mapazi awiri okha. Za denga ndazimva ndipo sindikuzipeputsa. Koma ndalama za limba zidzagula malata kamodzi, ndipo malatawo adzachita dzimbiri. Ngati vuto ndi malata, tiloleni tikonze madzulo a nyimbo, limbalo lidzipezere lokha denga logonamo.

Kwa mnzanga wa Casio, yankho ndi lalifupi. Ukachotsa mivukuto ndi mkuwa, watsala ndi kabati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimasiyanitsa limba ndi makiyibodi a m'sitolo ndi mpweya. Pa piyano mawu amayamba mwamphamvu n'kumazirala. Pa limba mawu amodzi omwewo ukhoza kuwakuza, kuwachepetsa, kuwanjenjemeretsa ndi phazi kwa nthawi yonse imene ukufuna, monga amachitira munthu woimba ndi pakamwa. Opanga nyimbo zamagetsi amataya maola akujambula mizere pa kompyuta kuti mawu awo amveke ngati akupuma. Ife tiri ndi chida chopumadi, ndiye tichotse mapapo ake kuti tiikemo pulasitiki? Ndiwonjezere mawu owawa pang'ono kwa oliza makiyibodi a m'badwo wathu, ine ndemwe ndiri m'gulumo. Ambiri a ife timadziwa kuliza mu kiyi imodzi yokha, kwinako timadalira batani la transpose. Limba liribe batani limenelo. Miyezi itatu iyi yandiphunzitsa zimene zaka zisanu za kiyibodi zinandibisira.

Tsopano kwa mlakatuli mnzanga, amene mfundo yake ndiyo yolemera. Sindikana kuti limba linabwera ndi amishoni, amene anafika pa nyanja yathu ndi sitima ya Ilala mu 1875, nakhazikika ku Bandawe mu 1881, ku Ekwendeni mu 1889 ndi ku Khondowe mu 1894. Sindikana kuti m'matchalitchi ambiri ng'oma inaletsedwa pamene limba linalandiridwa. Sindikananso chinthu china chimene iye sanatchule koma ndicho chachikulu: makiyi a limba amagawa mawu m'masitepe 12 ofanana a ku Ulaya, pamene bangwe, kalimba ndi mangolongondo ali ndi miyeso yawoyawo. Makutu athu anawetedwa ndi makiyiwo, mpaka lero ena akamva nyimbo ya kumudzi amati yaphonya.

Koma mbiri sinathere pamenepo. Kuno kumpoto komwe kuno, Donald Fraser ali ku Embangweni ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anatenga maimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka nawalowetsa m'tchalitchi. Zambiri mwa nyimbo zawo ziri m'buku la Sumu za Ukristu. Agogo anga ankaliza nyimbo zimenezo pa limba lomweli. Kodi pamenepo mawu amene ankatuluka anali a mtsamunda kapena a agogo?

Taonani zimene anachita Amwenye. Harmonium inafika ku India ndi azungu, monga kuno. Mmisiri wina wa ku Calcutta, Dwarkanath Ghose, anaisintha m'zaka za m'ma 1870: anachotsa zopondera, naika mvukuto kumbuyo kuti munthu azipopa ndi dzanja limodzi atakhala pansi, monga amakhalira oimba a kumeneko. Otsutsa analipo, ndipo mfundo yawo inali yomweyi ya miyeso ya mawu, mpaka wailesi ya All India Radio inailetsa kuyambira 1940 kufikira 1971. Koma lero amene wamvapo Nusrat Fateh Ali Khan wa ku Pakistan akuimba, harmonium ikumutsata pambali, sangaitche bokosi la atsamunda. Kwathu kuno Daniel Kachamba anachita chimodzimodzi ndi gitala. Ndipo mnzangayo ndakatulo zake zoopsa zija amazilemba ndi zilembo zimene zinaphunzitsidwa m'masukulu a amishoni omwewo. Sindinamve akuti tizitenthe.

Chimene mnzangayo sanaone n'chakuti magetsi amene akuwasekawo ndiwo angamasule makiyi ku goli la masitepe 12. Popeza MIDI imatumiza nambala chabe, kompyuta ikhoza kuuzidwa kuti nambala 60 ilire mawu akuti, 61 ilire akuti, motsata muyeso uliwonse umene taupatsa. Hugh Tracey anajambula oimba a dziko lino m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano iri ku Rhodes University ku South Africa. Oimba bangwe amoyo aliponso m'midzi yathu. Tikhoza kuyeza nsambo zawo n'kuika miyesoyo pansi pa makiyi amene kale ankaikana. Ngati pali njira yobwezera chipongwe kwa mtsamunda, ine ndikuona kuti ndi imeneyi, yoposa kutaya limba kudzala.

Pali gulu lina laulemu limene lati tilipereke ku nyumba yosungiramo zakale, kaya ya muno m'tauni kaya ku Stone House ku Livingstonia, likakhale kuseri kwa chingwe ndi kapepala kolembedwa kuti musakhudze. Nyumba zimenezi zimagwira ntchito yabwino, koma chida choimbira si mkondo kapena mphika. Mvukuto wosapondedwa umauma m'makwinya, zitseko zosatsegulidwa zimamatirira, ndipo makoswe amakonda pamalo pa zii. Chimene chinapha limbali poyamba paja ndi kukhala chete. Kulitsekera m'galasi ndi maliro omwewo, kungoti bokosi lake ndi lokongola.

Ndipo ife a mumzinda uno tikudziwa bwino chimene chimachitika ndi chuma chosungidwa pamalo amodzi. Mu December 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu inapsa, ndipo mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa usiku umodzi. N'chifukwa chake tayamba kujambula mawu a kalilime kalikonse pakokha, mofatsa ndi mwamphamvu, kuti tidzagawire kwaulere aliyense wopanga nyimbo pa laputopu m'zipinda zogona za pa sukulu pano, ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa. Anyamata athu amatsitsa pa intaneti mawu a zida za ku London ndi Johannesburg, ndiye nyimbo zawo zimamveka ngati za wina aliyense. Apa pali mawu amene palibe wina ali nawo pa dziko lonse, chifukwa mkuwa uwu wakalambira mu nkhungu ya ku Viphya.

Sindikubisa kuti tikhoza kulakwitsa. Ndife ophunzira, si amisiri a malimba, ndipo kalilime kamodzi mwa titatu tosalira tija ndinakapinda ndine, tsiku loyamba, chifukwa cha phuma. Ndinakalemba m'kope pamodzi ndi dzina langa. Kuyambira tsiku limenelo sitigwira ntchito popanda mkulu wa mpingo mmodzi kukhalapo, ndipo sitichotsa kanthu tisanakajambule. Amene ali ndi luso loposa lathu, makamaka aphunzitsi ndi ophunzira a sayansi amene amadziwa za mabolodi ndi mawaya, abwere atidzudzule tiri pa ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Chimene sindilola ndi kudzudzula kwa munthu amene sanadetsepo manja ake ndi fumbi la m'menemo.

Pempho langa kwa inu owerenga ndi ili. Tchuthi chikubwerachi, mukapita kwanu ku Karonga, ku Nkhata Bay, ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Mulanje, kasuzumireni m'tizipinda ta kuseri kwa matchalitchi ndi m'masukulu akale a mishoni. Mukapeza limba, musaliponde mwamphamvu ndipo musalole munthu kulithira mafuta. Chotsani zimene aunjika pamwamba pake, likwezeni pa njerwa kuti chiswe ndi madzi zisalifike, ndipo funsani okalamba kuti ankaliliza ndani ndi nyimbo zanji, mulembe. Okalambawo akutha msanga kuposa mkuwa.

Akulu a mpingo wathu asanakhale pansi, tapempha kuti atimvere kwa theka la ola. Tidzayamba magetsi ali chozimitsa, agogo akutsogolera nyimbo, kenaka tidzayatsa laputopu. Mlakatuli mnzanga ndamuitana, ndipo ndamusungira mpando kutsogolo. Akafuna, ndidzamupatsa kuti apondeko.